Masekondi Awiri pa Zenera

Chitini cha mabisiketi chinakhala zaka makumi anayi
pamwamba pa kabati ya amayi ku Cerro Barón,
kumene mphepo ya kudoko la Valparaíso
imalowa m'nyumba ndi mchere wake, osagogoda.
Nditachitsekula, fungo la viniga linandiwomba m'mphuno.

Ndi mmene filimu imafera, anatero a Eliodoro
m'kashopu kawo kuseri kwa msika wa Cardonal.
Imayamba ndi kununkha, kenako imakwinyika,
kenako nkhope zimasungunuka imodziimodzi.
Mwachedwa, mayi, koma maliro sanatuluke.

Anavala magolovesi oyera.
Mipukutu isanu ndi iwiri, makaseti atatu.
Pa kaseti ina amayi analemba ndi bolopeni,
UKWATI WA MARITZA, OSAFUFUTA,
ndipo mlongo wanga Wladimir anafufuta.
Zatsala mphindi zinayi: ine m'velo,
wansembe atangotsekula pakamwa,
kenako waa! mchenga wokhawokha pagalasi,
kenako anyamata ovala zobiriwira
akuthamangitsa mpira ku Playa Ancha.
Sanagoletse n'komwe.
Ndinaseka mpaka misozi. Banjalo linatha kale,
mpirawo ndiye wakhalitsa.

Amene ndinkafuna ndi bambo.
Koma bambo ndiwo ankagwira kamera.
Chala chawo chikuoneka pakona ya chithunzi,
mthunzi wawo wautali wagona pamasitepe
n'kukhudza nsapato zathu zakusukulu,
nyanja yonse ikugwedezeka chifukwa iwo atsokomola.
Mipukutuyo ilibe mawu.
Ndimaona amayi akutembenuka, mpeni wa anyezi uli m'manja,
ndipo ndimawerenga milomo yawo:
Hernán, zimitsa chimenecho, bwera udye.

Masabata atatu makina analira tiki tiki tiki,
kumeza chithunzi chimodzichimodzi
n'kuchilavulira m'kompyuta.
Lachinayi foni inalira. Tabwerani, musafunse.

Mpukutu wachisanu ndi chimodzi.
Tili m'chikepe chamatabwa chokwera phiri pa njanji,
madenga amalata akutsika pansi pathu,
ine ndakakamira siketi ya amayi, mano akutsogolo ndilibe.
Chikepe chikulowa mumthunzi wa khoma,
zenera likusanduka kalilole,
ndipo ndi awo.
Kamera yabisa theka la nkhope,
diso limodzi latsinzina,
ndevu zapamlomo zometa mokhota,
malaya a mizeremizere, ndipo akuseka.
Ndi wamng'ono kuposa mwana wanga.
Masekondi awiri. Dzuwa likubwerera, iwo n'kuzimirira.
Viniga anali atadya kale m'mphepete mwake,
anatsala pang'ono kufika pa khutu.

A Eliodoro anabwereza kasanu ndi kawiri ndisanapemphe,
maso ali kukhoma, ngati akuwerenga kalendala.

Anandipatsa kafulashi kochepa ngati chikhadabo.
Musakakhulupirire, anatero. Ikani zimenezi malo atatu,
kwina kukhale kutali ndi nyumba yanu,
mudziwa nokha mmene moto umayendera m'mapiri muno.
Filimu imachenjeza ndi fungo.
Aka kamafa mwakachetechete, tsiku lina m'mawa.

Ndinakwera masitepe zana ndi makumi asanu
kukaonetsa amayi. Masiku ano amaiwala
ngati adya, amanditchula dzina la mng'ono wawo.
Ndinawaveka magalasi, ndinaimitsa chithunzi pa zenera lija.
Anayandikitsa nkhope mpaka mpweya wawo unachita nthunzi pagalasi.
Ndinadikira kulira, kapena dzina.

Malaya amenewo, anatero, ndi a Gumercindo.
Anabwereka tsiku la ubatizo, sanabweze.

Kenako anapukuta nthunziyo ndi mkono wa juzi,
pang'onopang'ono, pa tsaya limene likuoneka,
n'kundifunsa ngati mlendoyo wadya.

Chitini ndachibwezera pamwamba pa kabati.
A Eliodoro akuti ndichitaye, chidzadwalitsa zithunzi zina.
Ndidzataya. Chikununkhabe.
Nthawi zina ndimakwera pampando
n'kutsekula pang'ono chivindikiro.